Cotupa cikasowa mpweya: cifukwa cake kansa yocedwa nayo imabvuta kuciza

LUSAKA – Kansa ya khomo la cibaliro ndiyo imapha azimai ambiri m'Zambia kuposa kansa ina iriyonse. Bungwe lofufuza za kansa la IARC, limene liri pansi pa World Health Organization, linayerekezera kuti m'caka ca 2020 azimai opitirira 3,000 anapezeka ndi matendawa m'dziko muno, ndipo pafupifupi 1,900 anamwalira nao.

Pali cinthu cimodzi cimene cimadabwitsa odwala ndi abale ao. Mai amene wapita kukapimitsa pa kiliniki ya m'komboni, kaya ku Mtendere kaya ku George, napezeka ndi kacilonda koyambirira, kawirikawiri amathandizidwa tsiku lomwelo m'mphindi zocepa, n'kubwerera kunyumba. Mnzake amene wafika cotupa citakula kale amatumizidwa ku University Teaching Hospital, kenaka ku Cancer Diseases Hospital, kumene amayendera masabata ambiri, ndipo nthawi zina matendawo amabweranso pambuyo pake.

Ambiri amaganiza kuti kusiyana kwa awiriwa kuli pa ukulu wa cotupa cabe. Ukulu uli ndi mbali yake, koma akatswiri a sayansi anapeza kuti cotupa cikamakula cimasinthanso khalidwe lake, ndipo cimodzi mwa zinthu zimene zimacisintha ndi kusowa kwa mpweya wa okosijeni mkati mwake.

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo. M'selo iriyonse muli DNA, imene iri ngati buku la malangizo, ndipo malangizowo anagawidwa m'timitu tochedwa majini. Awa si majini a mizimu amene ena amaopa, dzina lokha ndilo lafanana. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 amene amauza selo mapangidwe a mapuloteni, ndipo mapuloteniwo ndiwo amagwira nchito zonse za m'selo.

Selo ya m'diso ndi selo ya m'ciwindi ziri ndi buku limodzimodzi. Zimasiyana cifukwa iriyonse imatsegula masamba ena n'kusiya ena ali otseka. Masamba otsegulidwawo amasinthanso malinga ndi zimene selo yakumana nazo: njala, kutentha, matenda, kapena kucepa kwa mpweya. Akatswiri akamanena za kuyatsa ndi kuzimitsa majini amatanthauza zimenezi.

Komboni yokula kuposa mipope yake

Aliyense amene anakhalapo ku Kanyama kapena ku Chawama adziwa mmene komboni imakulira. Nyumba zimamangidwa msanga, ina kumbuyo kwa inzake, pamene mipope ya madzi ikutsalira. A pafupi ndi pompi amatunga mosabvuta. A kutali amapeza madzi ocepa, nthawi zina m'mamawa mokha, ndipo amaphunzira kukhala ndi zocepazo.

Cotupa cimakula cimodzimodzi. Okosijeni amayenda m'magazi, ndipo akatuluka mu mtsempha waung'ono safika patali. M'caka ca 1955 akatswiri awiri a ku Britain, Hugh Thomlinson ndi Louis Harold Gray, anayang'ana zotupa za m'mapapo pa makina okulitsa zinthu. Anaona kuti maselo a kansa amakhala ndi moyo pafupi ndi mitsempha ya magazi, koma pa mtunda wa pafupifupi mamilimita 0.15, kumene kuli ngati kunenepa kwa tsitsi liwiri, maselo amayamba kufa. Pakati pa amoyo ndi akufawo pali maselo amene sanafe koma akupuma mobvutikira. Amenewa ndiwo amasautsa madotolo.

Mpweya umene munthu amapuma uli ndi okosijeni 21 peresenti. Pofika m'ziwalo za munthu wathanzi amakhala atatsika kufika pa 5 peresenti kapena kuzungulira pamenepo. M'zotupa zambiri amatsika pansi pa 2 peresenti, ndipo m'mbali zina amatheratu. Kufa kwa minofu ya pakati pa cotupa, pamodzi ndi tizirombo timene timalowapo, ndiko kumabweretsa cikazi conunkha cimene azimai ena a kansa yokhalitsa amacita naco manyazi. Fungolo silicokera ku uve kapena ku ufiti. Ndi mnofu umene wafa cifukwa magazi sakufikako.

M'caka ca 1971 dotolo wina wa ku Boston, Judah Folkman, ananena kuti cotupa sicingakule kupitirira milimita imodzi kapena awiri, ukulu wa kambewu ka mawere, ngati sicinadzipezere mitsempha yatsopano ya magazi. Anzake ambiri anamukaikira pa nthawiyo. Funso limene linatsala linali lakuti: kodi selo imadziwa bwanji kuti mpweya wacepa, ndipo imaitana bwanji mitsempha?

Kalata imene imalembedwa ndi kung'ambidwa

Yankho linacokera ku kafukufuku wa impso. Kunali kodziwika kale kuti munthu akataya magazi, kapena akakwera kumapiri kumene mpweya ndi wopepuka, impso zake zimatulutsa cinthu cochedwa EPO, cimene cimauza mafuta a m'mafupa kupanga maselo ofiira a magazi ambiri. Gregg Semenza wa pa Johns Hopkins University ku America anafuna kudziwa cimene cimayatsa jini ya EPO. M'caka ca 1992 iye ndi mnzake Guang Wang anapeza puloteni imene imakakamira pa DNA mpweya ukacepa, naicha HIF. M'caka ca 1995 anailekanitsa naona kuti iri ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi imakhalapo nthawi zonse. Inayo, yochedwa HIF-1 alpha, imaoneka pokhapokha okosijeni akasowa.

Dotolo wa impso wa ku Oxford, Peter Ratcliffe, anaonetsa kuti njira imeneyi si ya impso zokha. Pafupifupi selo iriyonse ya m'thupi iri nayo.

Mmene imagwirira nchito n'zodabwitsa pang'ono, cifukwa poyang'ana koyamba zimaoneka ngati kuononga. Selo imapanga HIF-1 alpha usana ndi usiku, ngakhale mpweya ulipo wokwanira. Zikufanana ndi mlembi wa mfumu amene mphindi iriyonse amalemba kalata yolengeza njala. Pakhomo pali kapaso ali ndi cidindo, ndipo inki ya cidindoco ndi okosijeni. Mpweya ukakhalapo, kapaso amadinda kalatayo. Puloteni ina yochedwa VHL ikaona cidindo imatenga kalata n'kupita nayo ku cigayo ca m'selo, kumene imaperedwa. Zonsezi zimatha m'mphindi pafupifupi 5, motero kalata ya njala simafika kwa mfumu.

Okosijeni akacepa, inki yauma. Kalata imadutsa yosadindidwa, VHL saizindikira, ndipo makalata amaunjikana. HIF-1 alpha imalowa m'kati-kati mwa selo mmene muli DNA, imagwirana ndi mbali inzake ija, ndipo ziwirizo zimatsegula masamba mazanamazana a m'buku la malangizo. Majini oposa 300 amadziwika kuti amamvera HIF. Ubwino wa njira yooneka yoonongayi ndi liwiro: selo sidikira kuti iyambe kulemba, kalata imakhala yokonzeka kale.

Za VHL zinadziwika kudzera m'matenda a m'banja osowa kwambiri ochedwa von Hippel-Lindau, amene amabweretsa zotupa zodzala ndi mitsempha ya magazi m'impso, m'maso ndi m'ubongo. William Kaelin wa ku Dana-Farber Cancer Institute ku Boston anaona kuti maselo opanda VHL amacita ngati akusowa mpweya ngakhale mpweya ulipo. M'caka ca 1999 gulu la Ratcliffe linaonetsa kuti VHL ndiyo imapititsa HIF-1 alpha kukaonongedwa, ndipo m'caka ca 2001 magulu awiriwa, lirilonse palokha, anapeza za cidindo cija. Pa 7 October 2019 kunalengezedwa kuti Kaelin, Ratcliffe ndi Semenza apata mphoto ya Nobel ya zamankhwala.

Njira imeneyi si matenda. Ndiyo imathandiza mwana kukula m'mimba, cilonda kupola, ndi thupi kubwezera magazi amene mai wataya pobereka. Kansa imangoilanda n'kuigwiritsa nchito yake.

Masamba amene amatsegulidwa

Tsamba loyamba ndi la kuitana mitsempha. HIF imayatsa jini ya VEGF, puloteni imene inadziwika bwino m'caka ca 1989. VEGF imatuluka m'cotupa n'kukafika pa mitsempha yapafupi, ndipo mitsemphayo imaphuka nthambi zolowera kumene kwacokera kuitanako. Koma nthambizi zimamera mwacisawawa, ngati mapaipi olumikizidwa usiku mobisa: zina zopindika, zina zosafika kulikonse, zambiri zodontha. Magazi amayenda lero, mawa aima. Motero ngakhale cotupa cadzaza ndi mitsempha, mbali zake zambiri zimasowabe mpweya, ndipo zimaitananso mitsempha ina.

Apa ndi pamene sayansi imeneyi imakumana ndi zimene azimai amaona okha. Mitsempha yatsopanoyi ndi yosalimba, imang'ambika ikangokhudzidwa. Ndiye cifukwa cake zizindikiro zodziwika za kansa ya khomo la cibaliro ndi kutaya magazi pambuyo pa kukhala malo amodzi ndi mwamuna, kutaya magazi pakati pa nthawi za kumwezi, kapena kuyambanso kutaya magazi mai atasiya kale kusamba. Ndipo bvuto limabala linzake. Mai amene wataya magazi pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri amacepa magazi m'thupi, magazi ocepawo amanyamula okosijeni wocepa, ndipo cotupa cimasowa mpweya koposa kale.

Tsamba laciwiri ndi la cakudya. Selo yathanzi imatentha shuga ndi okosijeni, monga malasha amene ayaka bwino pa mbaula yokupiziridwa, ndipo imapeza mphamvu zambiri. Popanda okosijeni selo imangoswa shuga pakati n'kupeza mphamvu zocepa, mwina gawo limodzi mwa magawo 15 a zimene ikanapeza. Pofuna kukwaniritsa, HIF imaculukitsa makomo olowera shuga ndi mapuloteni oswa shugayo. Zotsalira zake ndi asidi, amene selo imataya kunja. Asidiyo amafewetsa minofu yozungulira cotupa, ndipo amafooketsa maselo a citetezo ca thupi amene abwera kudzamenya kansa. Katswiri wa ku Germany, Otto Warburg, anaona kale m'zaka za m'ma 1920 kuti zotupa zimadya shuga wambiri modabwitsa.

Mfundo imeneyi yasoceretsa anthu ena. Pali amene amauza odwala kuti asiye nsima ndi zakudya zonse zopatsa mphamvu kuti cotupa cife ndi njala. Thupi limasunga mlingo wa shuga m'magazi ngakhale munthu asadye, ndipo limacita zimenezi mwa kugaya minofu yake. Amene amaonda ndi wodwalayo, pa nthawi imene afunika mphamvu zopirira mankhwala.

Tsamba lacitatu ndi la kusamuka. Maselo a khungu la mkati mwa khomo la cibaliro amagwirana ngati njerwa zomangidwa ndi simenti. Mpweya ukacepa, majini ena amene HIF imayatsa amacepetsa simentiyo, selo imasintha maonekedwe n'kuyamba kukwawa. Mitsempha yodontha ija imakhala khomo lotseguka. Umu ndi mmene kansa imafikira ku mwanabere wa m'ciuno ndi wa m'mimba, kenaka ku mapapo kapena ku mafupa.

Palinso kusankhula kumene kumacitika mwakacetecete. Selo yathanzi ikaonongeka kwambiri imadzipha yokha, ndipo puloteni yochedwa p53 ndiyo imalamula zimenezi. Akatswiri a ku Stanford University anaonetsa m'caka ca 1996 kuti pamalo osowa mpweya, maselo amene akali ndi lamulo limeneli amafa, ndipo otsala ndi aja amene analitaya. Maselo osamvera lamulo la kufa ndi omwewo amene samva mankhwala. Kusowa mpweya kumacepetsanso mapuloteni okonza DNA ikaonongeka, motero zolakwika zimaculuka m'buku lija ndipo cotupa cimabala mitundu yatsopano ya maselo. Kumayatsanso jini ya kapampu kamene kamatulutsa mankhwala ena a kansa kunja kwa selo asanagwire nchito.

Cifukwa cake masiku a ku makina sadumphidwa

Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, malemu a Levy Mwanawasa, m'caka ca 2007, ndipo inali cipatala coyamba m'Zambia kupereka thandizo la radiotherapy, kumene ndi kuocha cotupa ndi ceza camphamvu cocokera m'makina. Kale odwala ocepa amene anali ndi mwai anali kutumizidwa ku South Africa kapena ku Zimbabwe.

Ceza cimapha selo mwa kudula DNA yake, ndipo okosijeni ndiye amacititsa kuti bala la pa DNA likhale losakonzeka. Gray yemwe uja ndi anzake anafotokoza zimenezi m'caka ca 1953. Selo yosowa mpweya imafuna ceza coculuka kawiri ndi theka kapena katatu kuti ife. Dotolo sangangoonjezera ceza motero, cifukwa pafupi ndi khomo la cibaliro pali cikhodzodzo ndi matumbo, zimene zingapse.

Umboni woonekeratu unapezeka pa kansa yomweyi ya azimai. Ku Mainz m'dziko la Germany, Michael Höckel ndi Peter Vaupel analowetsa kasingano kopima okosijeni m'zotupa za khomo la cibaliro thandizo lisanayambe. Zimene anafalitsa m'caka ca 1993 ndi ca 1996 zinaonetsa kuti azimai a zotupa zosowa mpweya anali kudwalanso ndi kumwalira kwambiri kuposa anzao. Cimene cinadabwitsa ambiri n'cakuti zinali conco ngakhale kwa amene anacitidwa opaleshoni osaochedwa ndi makina. Izi zinatanthauza kuti kusowa mpweya sikungochinga ceza kokha, kumacititsanso cotupa kukhala caukali. Madotolo a ku Toronto ku Canada anapeza zofanana m'caka ca 1998.

Cimodzi mwa zifukwa zimene ceza cimaperekedwera pang'onopang'ono cagona pamenepa. Tsiku loyamba amafa kwambiri ndi maselo a pafupi ndi mitsempha, amene ali ndi mpweya. Akafa, okosijeni amene anali kudya amafika kwa a kumbuyo kwao, ndipo amenewo nao amayamba kumva ceza ca masiku otsatira. Cotupa cimasendedwa ngati anyezi. Pa kansa ya khomo la cibaliro wodwala nthawi zambiri amapita ku makina masiku 5 pa sabata kwa masabata pafupifupi 5, amalandira mankhwala a cisplatin kamodzi pa sabata, kenaka amaikidwa ceza ca mkati pafupi ndi cotupa ceniceni. Akatswiri amalangiza kuti zonse zithe m'masabata 8, cifukwa zikapitirira maselo otsala amaculukanso.

Kunena n'kosabvuta. Kwa mai wa ku Matero amene amagulitsa pa msika, masabata amenewa atanthauza ndalama za minibasi tsiku ndi tsiku pamene malonda aima. Kwa wocokera ku Chipata kapena ku Petauke atanthauza kugona pa mphasa kwa m'bale ku Kalingalinga miyezi iwiri, ana atasiyidwa kumudzi. Ndipo pakati pa ulendowu magazi amaleka kutuluka, ululu umacepa, wodwala n'kuona ngati wacira. Nthawi imeneyi ndiyo yoopsa, pakuti maselo amene atsala ndi aja anali kubisala kutali ndi mpweya. Abale amene akusonkha za mayendedwe ayenera kudziwa kuti sabata yotsiriza ndi yofunika monga yoyamba.

Madotolo amapimanso magazi kawirikawiri pa nthawiyi, ndipo akacepa kwambiri wodwala amaikidwa magazi. Fodya naye ali ndi mlandu. Utsi wake uli ndi mpweya woipa wa carbon monoxide, umene umakakamira ku maselo ofiira a magazi kuposa okosijeni nthawi zopitirira 200. Kafukufuku wa ku Canada wa m'caka ca 1993 anapeza kuti odwala kansa ya kumutu ndi kukhosi amene anapitiriza kukoka fodya pamene anali pa radiotherapy sanacire bwino monga amene analeka. Mpweya woipa womwewo ndi umene umatuluka pa mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka usiku wa mwezi wa June.

Kacirombo ka HPV, kamene kamayambitsa pafupifupi kansa yonse ya khomo la cibaliro, nako kali ndi gawo. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza mitundu yake iwiri yoopsa, HPV 16 ndi HPV 18, m'caka ca 1983 ndi ca 1984. Kacirombo aka kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E6 imaononga p53 uja, ndipo awiriwa amathandiza kukweza mphamvu ya HIF. Akatswiri a ku Heidelberg anafalitsa m'caka ca 2017 kuti maselo otere akasowa mpweya kwambiri amazimitsa E6 ndi E7 n'kugona tulo osafa, ndipo mpweya ukabwera amadzuka n'kuyambanso kuculuka. Zimenezi zinaonedwa makamaka m'maselo osungidwa m'labotale, koma zikupereka cithunzi ca mmene kansa ingabwererenso patapita nthawi.

Kansa ya pakhungu ya Kaposi sarcoma

Kansa ina imene yasautsa mabanja ambiri m'Zambia ndi Kaposi sarcoma, ya zigamba zakuda kapena zofiirira pakhungu ndi kutupa miyendo. Inalipo kuyambira kale m'cigawo cino ca Africa, makamaka pa mapazi a amuna acikulire, ndipo inali kuyenda pang'onopang'ono. M'caka ca 1983 dotolo wa opaleshoni pa University Teaching Hospital, Anne Bayley, anayamba kuona mtundu wina waukali mwa acinyamata, wofalikira thupi lonse ndi kupha msanga. Analemba za zimenezi m'magazini ya madotolo ya The Lancet m'caka ca 1984, ndipo cinali cimodzi mwa zizindikiro zoyamba zakuti AIDS yafika m'dziko muno.

M'caka ca 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York anapeza kacirombo kamene kamayambitsa kansayi, kochedwa HHV-8. Kamakhala cigonere m'thupi la anthu ambiri osabweretsa bvuto, kufikira citetezo ca thupi citafooka. M'caka ca 2001 gulu la Robert Yarchoan ku National Cancer Institute ya ku America linaonetsa kuti kusowa mpweya kumadzutsa kacirombo kogonako. Pambuyo pake kunadziwika kuti majini ena a kacirombo komweko ali ndi malo amene HIF imakakamirapo. Akatswiri ena amaganiza kuti ici n'cimodzi mwa zifukwa zimene kansayi imakondera mapazi ndi miyendo, kumene magazi amayenda mocedwa. Kacirombo nako kamakweza HIF ngakhale mpweya ulipo, VEGF n'kuculuka. Mtundu wofiirira wa zigambazo ndi wa timitsempha tosalongosoka ndi magazi amene atuluka m'menemo.

Pa kansa imeneyi thandizo lalikulu linabwera ndi mankhwala a ma ARV, amene anayamba kuperekedwa m'makiliniki a boma a m'makomboni a Lusaka m'caka ca 2004. Citetezo ca thupi cikabwerera, zigamba zocepa zimatha kuzimirira zokha. Zofalikira zimafuna mankhwala a kansa pamwamba pa ma ARV.

Kodi mankhwala olimbana ndi HIF alipo?

Alipo, koma ndi ocepa. Bevacizumab, amene amachinga VEGF, anabvomerezedwa ku America pa kansa ya khomo la cibaliro yofalikira m'caka ca 2014. Pa kuyesa kwake anatalikitsa moyo wa odwala kucoka pa miyezi pafupifupi 13 kufika pa miyezi pafupifupi 17. Miyezi 4 ndi yamtengo wapatali kwa banja, koma si kucira, ndipo mankhwalawo ndi odula. Belzutifan, amene amagwira m'bale wake wa HIF-1 alpha wochedwa HIF-2 alpha, anabvomerezedwa m'caka ca 2021 kwa odwala von Hippel-Lindau, ndi m'caka ca 2023 pa kansa ya impso. Ku Denmark madotolo akhala akupereka nimorazole, mankhwala amene amagwira nchito ngati okosijeni pa nthawi ya ceza, kwa odwala kansa ya kumutu ndi kukhosi kuyambira m'zaka za m'ma 1990.

Njira zina zooneka zanzeru zinalephera. Madotolo anayesa kubaya odwala EPO kuti magazi aculuke ndi cotupa cilandire mpweya, koma pa kuyesa kwina kumene kunafalitsidwa m'caka ca 2003 obayidwawo anacita moipa kuposa anzao. Ngati zimenezi zinakanika m'manja mwa akatswiri, palibe cifukwa cokhulupirira wamalonda amene akuti madzi a m'botolo kapena ufa wina umalowetsa okosijeni m'cotupa. Bvuto siliri pa mpweya wolowa m'mphuno. Liri pa mitsempha yosalongosoka imene sifikitsa magazi pakati pa cotupa.

Kacilonda koyambirira ka pa khomo la cibaliro kalibe pakati potere. Kamakhala pamwamba peni-peni, kopyapyala, kasanaboole kulowa mkati mwa mnofu. Kucoka pa kutenga HPV kufika pa kansa pamapita zaka 15 mpaka 20 mwa mai wa citetezo cabwino, ndi zaka 5 mpaka 10 mwa amene citetezo cake cafooka. World Health Organization imati azimai amene ali ndi HIV ali pa ngozi yodwala kansayi kasanu ndi kamodzi kuposa anzao.

Ndondomeko yopima azimai inayamba mu Lusaka mu January 2006, mogwirizana pakati pa Unduna wa za Umoyo, University Teaching Hospital ndi bungwe la CIDRZ, motsogoleredwa ndi madotolo Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu. Anamwino anaphunzitsidwa kupaka viniga pa khomo la cibaliro. Malo odwala amayera, namwino amajambula ndi kamera n'kuonetsa maiyo cithunzi, ndipo kacilonda kakang'ono kamaumitsidwa ndi mpweya wozizira kwambiri nthawi yomweyo. M'zaka zotsatira kunabwera kacipangizo kogwira m'manja kotentha kacilondako, ndi kupima kwa HPV m'labotale. Katemera wa HPV anayesedwa m'maboma a Lusaka, Kafue ndi Chongwe kuyambira m'caka ca 2013, nafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 14 m'caka ca 2019, ndipo m'caka ca 2023 anaperekedwa kwa a zaka 9 mpaka 14.

Malangizo a World Health Organization a m'caka ca 2021 amati mai ayambe kupimitsa pa zaka 30, ndipo amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25. Kumene kukupimidwa ndi viniga, abwererenso pakapita zaka 3 ngakhale sakumva kupweteka kulikonse. Mai amene waona magazi osayembekezeka kapena cikazi ca fungo asadikire tsiku limenelo.